Kumasulira kokha sikukwanira pa HOME

Mwafunsa ngati mungangomasulira m'Chichewa mafunso a HOME, chida choyezera mmene pakhomo pamathandizira kukula kwa mwana, n'kuyamba kuyendera mabanja. Ayi achemwali, musatero.

Chida chimenechi anachikonza Bettye Caldwell ndi Robert Bradley ku America, ndipo gawo la ana osapitirira zaka 3 lili ndi mfundo 45 zoyankhidwa kuti inde kapena ayi. Zina mwa izo zimafunsa za mabuku ooneka m'nyumba, zidole, ngakhalenso ngati mwana amadya limodzi ndi mayi ndi bambo ake. Nanga kumudzi kumene bambo amadyera paokha, mwana akuleredwa ndi agogo, azakhali ndi azikulu ake? Banja losamala bwino lingaoneke ngati lolephera, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima. Galimoto ya mawaya, mpira wachikulunga ndi nthano zamadzulo ziyenera kuwerengeredwanso.

Yambani mwakhala pansi ndi amayi, agogo ndi alangizi a zaumoyo, mufunse chimene mfundo iliyonse ikufuna kuyeza. Mukamasulira, wina amene sanaone mafunso oyambirirawo awabwezeretse m'Chingerezi kuti mufananize. Kenako yesani m'mabanja ochepa, oyendera awiri alembe payekhapayekha, muone ngati akugwirizana.

Onaninso mafunso a Family Care Indicators a UNICEF. Ndi aafupi ndipo amawerengera zoseweretsa zopanga pakhomo.