Musabise chimfine ndi mkonono wa mwanayo

Achemwali, mwati mwana wanu wa zaka 3 ali ndi opaleshoni ya chophuka sabata yamawa, koma wayamba chimfine, komanso amaliza mkonono usiku, ndiye mukuganiza zongokhala chete kuti tsiku lisasinthe. Chonde musatero. Ziwiri zimenezi ndiye zoyamba kumuuza amene adzamugoneke, kaya ndi dokotala kaya clinical officer.

Mwana akalandira mankhwala ogonetsa, minofu ya kukhosi imalefuka ndipo lilime limagwera kumbuyo. Lilime la mwana ndi lalikulu poyerekeza ndi kamwa lake, njira ya mpweya ndi yopapatiza, ndiye kutsekeka sikuchedwa. Woliza mkonono nthawi zambiri amakhala kuti ma tonsils kapena ma adenoids ake (tinyama ta kukhosi ndi kuseri kwa mphuno) anakula, njirayo ndi yothina kale. Ngati amayamba wasiya kupuma ali m'tulo kenako n'kudzidzimuka akufuna mpweya, mujambuleni pafoni usiku mukawaonetse. Kanemayo amawathandiza kuposa kufotokoza kwathu.

Chimfine nacho chimasiya kholingo losachedwa kutekeseka, moti kamamina kakangolikhudza limatha kudzitseka lokha, zomwe amati laryngospasm. Kamfine kopepuka ambiri amapitiriza nako opaleshoni. Koma thupi likamatentha, akamatsokomola makhololo kapena m'chifuwa mukamalira, amaimitsa kaye kwa masabata 2 mpaka 4. Ndalama ya mayendedwe imapweteka, ndikudziwa, koma kuweruza asiyireni iwowo. Ngati pakhomo pali wosuta fodya, nenaninso.

Za chakudya tsatirani zimene akuuzeni. Kawirikawiri phala, nsima ndi mkaka wa ng'ombe amasiya kutatsala maola 6 kuti opaleshoni iyambe, bere maola 4, madzi maola 2. Apa m'pamene ana amalakwiridwa ndi chifundo: mwana akulira ndi njala, agogo n'kumupatsa kamandasi mobisa. Zikachitika, ululani. Akasanza ali chigonere, chakudyacho chimatha kulowa m'mapapo.

Musaope mopitirira. Ogoneka ana amaziyembekezera zimenezi: amakweza chibwano, amaika kapaipi ka mpweya, ndipo kachipangizo ka pachala kamawaonetsa okosijeni nthawi yonse. Mwana akatuluka ku opaleshoni, mugonekeni chammbali ndipo musatalikire. Mukamva phokoso pokoka mpweya, mukaona pakhosi kapena pansi pa nthiti pakulowa mkati, kapena milomo ikusintha mtundu, itanani namwino pomwepo.