Ndigule canopy ya 150 ija kapena ndidikire? Yankho kwa achimwene a ku Johannesburg

Imelo yabwera kuchokera kwa m'bale wathu wina amene ali ku Johannesburg ndipo amadumpha ndi parachuti kuchokera mundege ku Carletonville. Mwachidule akuti adumphapo maulendo 62, amalemera makilogalamu 72, pano amabwereka canopy (nsalu ya parachutiyo) ya ma square feet 210 pa dropzone, malo omwe amadumphirawo, ndipo yayamba kuwatopetsa. Ndiye mnzawo wina akugulitsa rig yonse (chikwama chovala kumsana pamodzi ndi maparachuti ake) yokhala ndi canopy ya mtundu wa Sabre2 ya 150 pamtengo wabwino, akuwauza kuti angogula azolowera momwemo. Funso lawo nlakuti agule kapena ayi.

Achimwene, musagule. Ndayambira pomwepo kuti ngakhale mutatopa kuwerenga pakati yankho mukhale mwalimva kale.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Wing loading timatenga kulemera kwanu konse pamene mukutuluka mundege, inuyo, rig, helmet, nsapato, zonse, mu mapaundi, nkugawa ndi kukula kwa canopy mu square feet. Inu 72 tiwonjezerepo makilogalamu 11 a zida akhala 83, omwe ndi mapaundi 183. Pa 210 yomwe mukubwereka muli pa 0.87, pa 190 mukhala pa 0.96, pa 170 ndi 1.08, pa 150 ija mwafika 1.22. Malangizo a USPA, bungwe la odumpha ndi parachuti la ku America, amati wa laisensi A kapena B asapyole 1.0, wa laisensi C, yemwe amafunika maulendo 200, asapyole 1.2, ndipo canopy ya 150 kupita pansi amaiwerenga kale ngati yothamanga kwambiri kaya munthuyo ndi wopepuka bwanji. Inu muli pansi pa PASA, bungwe la ku South Africa, ndiye mawu omaliza ndi a CI wanu (mphunzitsi wamkulu wa pa dropzone), koma mukuona nokha kuti 150 ikukuikani pamalo a munthu wa maulendo mazana angapo pomwe inu muli pa 62.

Komabe nambalayo sikuti ikunena zonse, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono. Canopy ikachepa zingwe nazo zimafupika, ndiye ukangokoka toggle (chogwirira chowongolera canopy) pang'ono imayankha msanga, imakhota mwachangu nkuloza mphuno pansi, ndipo mtunda womwe umataya pa kukhota kamodzi umachuluka. Nchifukwa chake munthu wopepuka pa 135 ndi munthu wamkulu thupi pa 210 atha kukhala ndi wing loading yofanana koma zomwe akuwulutsa nzosiyana kutali. Zili ngati kuchoka pa njinga yakapalasa nkukwera yamoto, msewu ndi womwewo koma nthawi yoti uganize yachepa. Tsiku labwino, kamphepo kakuwomba kumaso, bwalo lili mbee, 150 mutha kuitera bwinobwino mwina ka 20 motsatizana anthu nkumakuyamikirani. Ine chomwe chimandidetsa nkhawa ndi tsiku lomwe spot (malo otulukira mundege) yalakwika mwapezeka kutali, pansi pali mawaya a magetsi ndi mpanda, kapena muli pa final, chigawo chomaliza cholunjika potera, mwatsala mamita 20 wina wakudulirani kutsogolo dzanja nkukoka toggle lokha musanaganize. Pa 210 mudzuka ndi fumbi ndi bondo lopweteka, pa 150 ndi fupa la ntchafu kapena msana. Anthu ambiri omwe avulala kwambiri kapena kumwalira m'masewerawa parachuti yawo inali itatseguka bwinobwino, chomwe chinawapweteka ndi kukhota ali pafupi ndi nthaka.

Kenako ganizirani komwe mukudumphira. Carletonville ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya kumeneko ndi wopyapyala, ndiye masana a December kukatentha canopy imathamanga kwambiri ndipo flare (kukoka ma toggle onse awiri kuti muchepetse liwiro potera) imakhala yofooka kuposa mmene ingachitire ku Mossel Bay kapena ku Cape Town. Munthu wa kunyanja akakuuzani kuti 150 njofatsa akunena za mpweya wakwawo.

Mwati 210 yakutopetsani. Ndikumva, kutsika pang'onopang'ono anzako onse atatera kale kumabowa ndithu. Koma ndikufunseni mafunso omwe amachokera pa mndandanda wotchuka wa Bill von Novak, womwe makochi ambiri amagwiritsa ntchito. Mungathe kupanga flat turn ya madigiri 90 muli pa ma brake (mutakokako ma toggle onse awiri) osataya mtunda wambiri? Mungathe kukhota pang'ono muli mkati mwa flare kuzemba chinthu? Mwaterapo mphepo ikuwomba cham'mbali, komanso kulibiretu mphepo, osagwa? Mumatera mkati mwa mamita 10 a pomwe mwafuna nthawi ndi nthawi, osati mwamwayi? Nanga kutera ndi ma rear riser (malamba akumbuyo omwe amagwira zingwe), kutera pamalo okwera kapena otsetsereka? Ngati pali ziwiri kapena zitatu zomwe mwayankha kuti ayi ndiye kuti 210 idakali ndi zambiri zokuphunzitsani. Zimenezi muyambe kuziyesera kumwamba kaye, pa hop and pop (kutuluka mundege nkutsegula parachuti nthawi yomweyo) muli nokha mlengalenga, kochi akuoneni ndi kukujambulani video potera. Canopy course imodzi (maphunziro a kawulutsidwe ka canopy) ndalama zake nzochepa kwambiri poyerekeza ndi rig.

Nkhani ina yomwe anthu amaiwala ndi reserve, parachuti yachiwiri yomwe mumatsegula yoyamba ikakanika. Container (chikwama cha rig) yosokeredwa main, parachuti yoyambayo, ya 150 nthawi zambiri reserve yake nayo imakhala yaing'ono chomwecho, ndipo reserve mudzaiwulutsa koyamba pa tsiku loipa, muli pansi kale, mtima ukugunda, mwina phewa laguluka, mwinanso mwakomoka yatsegulidwa ndi AAD (kachipangizo kotsegula reserve pakokha) ngati Cypres kapena Vigil ndipo palibe wopanga flare. Pamenepo mukufuna nsalu yambiri pamwamba panu.

Ndiye ndikanakhala inu ndikanatere: ndimalize ntchito pa 210, CI akavomereza ndibwereke 190 maulendo angapo, kenako ndisake rig yakale yomwe container yake imalowa 190 ndipo idzalolanso 170 mtsogolo, reserve yosachepera pamenepo. Kutsika kukhale saizi imodzi basi, ndipo musasinthe saizi ndi mtundu nthawi imodzi. Sabre2 payokha ndi canopy yabwino, chimodzimodzi Pilot ya Aerodyne, Safire, kapena Spectre ngati mukufuna ya ma cell 7 yotseguka mofewa, vuto ndi saizi yokha. Za Katana ndi Velocity zisiyeni kaye, ndi za anthu a swoop, otera mwaliwiro akuuluka chapafupi ndi nthaka. Chilichonse chakale rigger (katswiri woyendera ndi kukonza maparachuti) achione musanalipire, makamaka zingwe, chifukwa zingwe zopangidwa ndi ulusi wa Spectra zimafupika zikagwira ntchito nthawi yaitali canopy nkuyamba kutseguka moipa ndi kutera moipa, ndipo line set (zingwe zonse) yatsopano ndi ndalama zina zoti muziwerengeretu pamtengo.

Za mtengo wabwino uja musadandaule nazo, ma 190 ndi ma 170 amagulika msanga chifukwa chaka chilichonse pamakhala omaliza AFF (maphunziro oyamba a kudumpha) omwe akuwasaka, ndiye simudzaluza zambiri podzagulitsa. Mnzanuyo muuzeni mwaulemu kuti apeze wina wa maulendo okwanira. Weekend ikubwerayi pemphani munthu akujambuleni potera katatu kapena kanayi, mupite nazo kwa CI wanu, ndipo ngati mungakonde nditumizireniko nane ndione flare yanu.