Chifukwa chake adani a mu Space Invaders amathamanga akatsala ochepa

Mwafunsa ngati liwiro limene adani a mu Space Invaders, masewera a pa kompyuta owombera adani, amakhala nalo akatsala ochepa likutanthauza kuti makina anu awonongeka. Makinawo alibe vuto, pakuti masewerawa akhala otero kuyambira mu 1978, pamene kampani ya Taito ya ku Japan inawatulutsa.

Tomohiro Nishikado, yemwe anawapanga, anagwiritsa ntchito purosesa (kachipangizo koyendetsa makinawo) ya Intel 8080, imene mphamvu zake zinali zochepa moti sikanatha kusuntha adani onse 55 nthawi imodzi. Choncho pulogalamu yake imasuntha mdani mmodzi yekha nthawi iliyonse imene chithunzi cha pa sikirini chasintha, ndipo chithunzicho chimasintha pafupifupi ka 60 pa sekondi. Adani akakhala onse, gulu lonselo limatenga pafupifupi sekondi yathunthu kuti lisunthe kamodzi, koma mukawawombera n'kutsala mmodzi, iyeyo amasuntha pa kusintha kulikonse, n'chifukwa chake amavuta kumulasa. Mukayang'anitsitsa masewera akamayamba, muona kuti mizere isanu ya adaniwo siyendera limodzi, koma imatsatizana ngati mafunde.

Nishikado ataona zimenezi anazisiya dala, ndipo m'kuona kwanga anachita bwino, chifukwa popanda liwiro limenelo masewerawa akanamatopetsa msanga. Kanyimbo kake ka mawu anayi nakonso kamafulumira adani akamachepa, moti wosewera mtima umamugunda ngakhale akupambana.

Ngati mukusewera mtundu wa mu 1980 wa pa Atari 2600, makina osewerera panyumba, musadabwe kupeza adani 36 okha, chifukwa makina apanyumbawo anali ofooka kuposa a m'nyumba zosewereramo.