Kodi ndisinthe njinga yanga?

Funso: Akonzi, ndili ndi zaka 58. Loweruka lililonse ndimapalasa njinga kuno ku Joni, m'mbali mwa mtsinje wa Braamfontein Spruit mpaka kudera la Emmarentia, koma maondo ayamba kukana zitunda. Ndigule ya batire?
Bambo wa ku Randburg

Yankho: Gulani ndithu, bambo. Joni ili pamwamba, mamita opitirira 1,700 kuchokera pamlingo wa nyanja, ndipo zitunda zake zimathetsa mpweya. Musaope kuti thupi lichita ulesi: mumapalasabe, mota imangokukankhani pokwera.

Chondidetsa nkhawa n'kulemera kwake. Zambiri zimapitirira makilogalamu 20, ndiye ngati mumakhala m'fulati yopanda lifiti, inyamuleni kaye kusitolo musanalipire. Batire litchajeni ndi tchaja yake yokha, inu muli maso. Maondowo akawaonenso adokotala.