Tifunseni: kambalame koima m'malere kaja

Mwezi uno mafunso atatu agwera pa kambalame kamodzi, hummingbird, ndiye tangowaika pamodzi.

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndinaona vidiyo pa TikTok ya kambalame kapakhosi pofiira kataima m'malere osatera, mlomo uli m'duwa, kenako nkubwerera chambuyo. Pamaluwa anga pano pamabweranso tina tonyezimira tofanana nako. Kodi ndi komweko?
Mayi wa ku Matawale, Zomba

YANKHO: Ayi mayi, si komweko ngakhale kufanana kulipodi. Tomwe timabwera pakhomo panuto ndi achoso, ndipo mukatiyang'anitsitsa mupeza kuti nthawi zambiri timayamba tatera pa kanthambi kenako nkumayamwa, kuima m'malere timaima pang'ono chabe. Kukamada mutha kuonanso china chikunjenjemera pamaluwa chili ndi kamlomo kataliatali, chimenecho ndi mtundu wa gulugufe wausiku, anthu ambiri amapusitsika nacho. Ma hummingbird enieni mu Africa muno mulibe. Alipo mitundu yoposa 350 ndipo yonse ili ku America basi, kuyambira ku Alaska mpaka kumunsi kwenikweni ku Tierra del Fuego, dziko la Ecuador lokha lili ndi mitundu yoposa 130.

Mmene mwafotokozeramo kakuoneka kuti ndi katambala ka ruby-throated hummingbird, mtundu womwe umaswana kummawa kwa United States ndi kummwera kwa Canada. Kamalemera magalamu atatu kapena kuposera pang'ono, ndiye kuti shuga wodzadza sipuni yaing'ono ya tiyi amakaposa kulemera. Pakhosi pofiirapo ndi pa katambala kokha, kathazi mpoyera, komanso kufiirako kumadalira mmene dzuwa lawombera pa nthenga, kakangotembenuza mutu pang'ono pamaoneka pakuda bii.

Kuima m'malereko chinsinsi chili paphewa. Mbalame zina zimakwera zikamakupizira mapiko pansi, koma aka phiko limazungulira paphewa nkutembenuzika, limapita kutsogolo ndi kumbuyo molemba 8 wogona, ndiye kamapeza mphamvu yoyandama mbali zonse ziwiri. Mapikowo amakupiza koposa ka 50 pa sekondi imodzi, nchifukwa chake pavidiyo simuwaona bwinobwino mumangomva kulira kwake. Kamapita chambuyo, chammbali, kuima phee. Koma kuyenda pansi sikatha, timiyendo take ntongogwirira nthambi.

FUNSO: Ndili kuno ku Indiana. Aneba anga amapachika botolo lofiira la madzi a shuga pakhonde ndipo timbalameti timadzadzana, kumenyana kosatha. Ikafika October tonse zii. Timapita kuti? Nanga ndikapachika langa sinditichedwetsa ulendo mpaka kufa ndi chisanu?
Bambo wa ku South Bend, USA

YANKHO: Bambo, pachikani botololo musaope. Chomwe chimatiuza kuti nthawi yonyamuka yakwana ndi kufupika kwa usana, botolo lanu silingatigwire mwendo, m'malo mwake limathandiza tomwe tatsalira mmbuyo kuti tipeze kamba wa paulendo.

Ndipo ulendo wake ndi umene ine umandizunguza mutu mpaka lero. Ta kwanuko ndi ta mtundu uja wa ruby-throated, timapita ku Mexico ndi maiko a Central America, tina mpaka ku Costa Rica ndi Panama. Tambiri timatsata gombe kudzera ku Texas, koma tina timangolunjika pamwamba pa nyanja ya Gulf of Mexico, mtunda wa makilomita pafupifupi 800, popanda potera, popanda duwa, popanda madzi akumwa, maola 18 mpaka 22 kali m'mwamba kokhakokha chifukwa sitiuluka pagulu ayi. Kasananyamuke kamadya modetsa nkhawa mpaka kulemera kwake kutsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo mafuta amenewo ndi omwe kamawotcha panjira, mphepo ikakhala yolimbana nako tina timathera m'madzi momwemo. Chaka chamawa kukayamba kufunda timabwereranso, atambala patsogolo, kwanuko muzitiyembekezera kumapeto kwa April kapena mu May. Tikafika maluwa asanachuluke timakamwa utomoni wotsekemera m'timabowo tomwe mtundu wina wa gogomole, sapsucker, umaboola pamitengo.

Kumenyana mukukuonako ndi nkhani ya njala. Kakamauluka mtima wake umagunda mpaka ka 1,200 pa mphindi, thupi limatha shuga mwachangu moti kamayenera kudya pakangopita mphindi 10 kapena 15 zilizonse tsiku lonse. Kambalame kotere kakapeza malo a chakudya sikangalole mnzake, kamakhala pa kanthambi chapafupi nkumalondera, wina akangoyandikira kamuthamangitsa. Ngati mukufuna kuchepetsa ndewu pachikani mabotolo awiri motalikirana, lina kuseri kwa nyumba komwe kalondayo sikangaone onse nthawi imodzi.

Kasakanizidwe kake nkosavuta: kapu imodzi ya shuga woyera, makapu anayi a madzi. Uchi ayi, shuga wabulauni ayi, kalala wofiira wothira m'madzi ayinso, kufiira kwa botolo nkokwanira. Kukatentha muzisintha madziwo pakapita masiku awiri kapena atatu ndi kutsuka botolo bwinobwino, chifukwa madzi a shuga akasasa amamera nkhungu yomwe imatidwalitsa. Apa ndiye ndikupempheni ndithu, ngati mukuona kuti ntchito ikuchulukirani simuzikwanitsa kutsuka, bola kungodzala maluwa ofiira a mkati mwakuya ngati bee balm kapena cardinal flower. Ndipo ngati pali mphaka pakhomo botolo likhale patali naye.

FUNSO: Aphunzitsi athu a Biology anati kambalameka kakakhala maola ochepa osadya kamafa. Nanga usiku kamatani? Komanso chisa chake chimakhala chotani poti nkochepa choncho?
Mtsikana wa Fomu 3, Kasungu

YANKHO: Wafunsa bwino mwanawe, ndipo aphunzitsi ako sananame. Madzulo kamadya kotsiriza mokwanira, ndiye usiku ukakhala wozizira kapena chakudya chinali chochepa kamachita chomwe asayansi amati torpor. Kamagwira nthambi zolimba, nthenga nyankhalala, thupi lomwe masana limatentha madigiri 40 limazizira kwambiri, mtima umatsika mpaka kugunda mwina ka 50 pa mphindi, kupuma kumachita kusowa. Ukakapeza mmawa ungati kafa, nthawi zina kamachita kulendewera chadodolido. Kukamacha kamayamba kunjenjemera kuti katenthetse thupi, pamatha mphindi 20 kapena kuposa kasanathe kuuluka, ndipo kakangodzuka nkumaluwa. Ku mapiri a Andes ku Peru, ofufuza analengeza mu 2020 kuti mtundu wina, black metaltail, unazizira mpaka madigiri 3.3 usiku koma mmawa nkudzuka bwinobwino.

Uwauzenso anzako mkalasi kuti sikakhalira timadzi ta m'maluwa tokha. Shuga amapereka mphamvu koma samanga thupi, ndiye kamagwira udzudzu, tintchentche, nsabwe za m'masamba ndi akangaude ang'onoang'ono, ena kamachita kuwatola pa ukonde pawo pomwe. Lilime lake nalonso anthu ankaliganizira molakwika kwa zaka zambiri, ankati timadzi timangokwera tokha. Mu 2011 Alejandro Rico-Guevara ndi Margaret Rubega a ku University of Connecticut anajambula ndi makamera othamanga kwambiri nkuona kuti lilimelo ndi lamphanda kunsonga, likalowa m'timadzi limatseguka, potuluka limatseka nkukokera timadzito mkamwa, kambirimbiri pa sekondi.

Za chisa, titenge ruby-throated uja: ntchito yonse ndi ya kathazi. Katambala kake nkungodzionetsa, kamakwera m'mwamba nkutsika mwaliwiro kutsogolo kwa kathazi mobwerezabwereza, zikatheka basi kapita, chisa sikamanga, mazira sikafungatira, ana sikawadziwa nkomwe. Kathazi kamasankha nthambi yopyapyala yopendekera pansi, kamatola tiubweya tofewa ta zomera nkumamanga ndi ulusi wa kangaude, kunja nkumata ndere za pamitengo moti ukayang'ana uli pansi umangoona ngati kamfundo ka nthambi. Chisa chonse m'mimba mwake ndi masentimita anayi kapena asanu. Ulusi wa kangaudewo umatamuka, ndiye ana akamakula chisa chimafutukuka nawo limodzi.

Kamaikira mazira awiri oyera, lililonse kutalika kwake kungopitirira sentimita imodzi pang'ono, nkufungatira pafupifupi milungu iwiri. Ana amaswa opanda nthenga, maso otseka, ndipo make amalowetsa mlomo wake wautaliwo kukhosi kwawo nkuwabzikulira tizilombo tosakaniza ndi timadzi, woonera amachita mantha kuti awabaya koma sizichitika. Pakatha masiku 18 mpaka 22 amauluka. Nthawi zambiri kathazi kamaswanso kachiwiri chaka chomwecho, mwina kuyamba chisa china ana oyamba kadakawadyetsa. Ndipo nyengo yozizira ikamayandikira anawo amanyamuka okha ulendo wa ku Central America, miyezi iwiri kapena itatu chibadwire, popanda make kapena wamkulu aliyense wowatsogolera njira.