Achemwali, zoti "Mkhristu amangopirira" ndinazimvapo

Achemwali, ndawerenga zanuzi mtima ukugunda. Munthu kukulakwirani kangapo konse, anthu n'kumakuuzani kuti mupirire chifukwa ndinu Mkhristu, ineyo ndinadutsamo. Wondipwetekayo anali mnzanga wopemphera naye.

Banja langa litayamba kugwedezeka, bambo akunyumba atayamba kugona kunja, ndinauza munthu mmodzi yekha. Tinkagwada limodzi, iye kulira kuposa mwiniwake ine. Ndiye Lamlungu lina mapemphero atatha, mayi wina amene sitinkachezerana n'komwe anandikumbatira pakhomo la tchalitchi n'kunena mokweza kuti, "Limbani mtima mayi, tamva zonse, ngakhale za mwana wakunja uja." Za mwana wakunja ine ndinali ndisanamve. Ndinazimvera pomwepo, mwana wanga wamkazi atandigwira dzanja. Anthu amene ankatuluka anayamba kuyenda pang'onopang'ono, ena kunamizira kufunafuna zinthu m'zikwama. Mwana anandiyang'ana n'kufunsa, "Amayi, mwana wake uti?" Miyendo inalefuka, m'makutu munali phokoso lokhalokha, koma ndinamwetulira n'kumuthokoza mayiyo. Kumuthokoza! Ndikanatani pamaso pa mwana?

Kani mnzanga uja anali atayala nkhani yanga yonse pagulu la WhatsApp ati pempho la pemphero, n'kuwonjezerapo zimene anakafufuza yekha. Nditamufunsa akuti amafuna anthu andithandize kupemphera. Miseche yeniyeni, kungoti anayamba ndi "okondedwa mwa Ambuye." Mpaka lero sanapepese, akandiona amakweza manja ngati palibe chinachitika. Mtsogoleri wathu naye, m'malo momuitana iyeyo, anaitana ine n'kundiwerengera 1 Akorinto 13, kuti chikondi n'choleza mtima, sichisunga mangawa. Vesi 6, yoti chikondi sichikondwera ndi chosalungama koma ndi choonadi, anangoidumpha. Mavesi amenewa amathamangitsidwa kwa wolira, wolakwayo ali phee.

Tsono musalole akunamizeni kuti kuleza mtima ndi kutseka pakamwa. Pa Luka 17:3 Yesu akuti m'bale wako akachimwa umudzudzule, akalapa umukhululukire. Anthu amakonda kutchula Mateyu 18:22, pamene Petro anauzidwa kuti asalekere pa 7 koma akhululuke mpaka 70 kuchulukitsa ka 7, n'kuiwala vesi 15 mpaka 17 ya chaputala chomwecho: pita ukamuuze kulakwa kwake muli awiri, akakana tenga wina mmodzi kapena awiri, akakanabe uza mpingo. Paulo yemwe analemba za chikondi uja, pa 2 Timoteo 4:14-15 anachita kumutchula dzina Alesandro wosula mkuwa kuti anamuchitira zoipa zambiri, n'kuuza Timoteo kuti achenjere naye.

Komabe inu musamutaye munthuyo, achemwali. Chikondi cha Mulungu sichidikira kuti munthu ayambe wakhala wabwino. Aroma 5:8 akuti Khristu anatifera tikadali ochimwa. Paulo anakana kuyenda ndi Yohane Marko chifukwa anawasiya panjira, mpaka anasiyana ndi Barnaba pa nkhani imeneyi (Machitidwe 15), koma pambuyo pake m'kalata yomwe ija ya kwa Timoteo akupempha kuti abwere naye Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Anthu amasintha, mupatseni mpata. Ineyo nambala ya mnzanga uja ndinaitseka usiku womwewo ndipo sindikuganiza zoitsegula, koma inu musafulumire choncho. Pitani mukalankhule naye muli awiri, modekha, mutapemphera kaye. Muzimupempherera pomutchula dzina ngakhale pakhosi pakuwawa, akadwala kamuoneni, akasowa muthandizeni. Zakukhosi kwanu zokha musamuuzenso, ngakhale atabwera akulira.