Wafunsa za NASA, koma yamba ndi sapu ya masamu

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa mnyamata amene ali m'chaka chachiwiri cha digiri ya sayansi pa yunivesite ina ya boma kuno kwathu, ndipo ndaisankha chifukwa makalata a mtundu umenewu amandipeza kawirikawiri zotsatira za mayeso zikangotuluka. Iye akuti adaonera pa YouTube mmene akatswiri adalunzanitsira magalasi a telesikopu ya James Webb ili kale m'mlengalenga, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wake uli pa ntchito yoyeza ndi kuwongola mafunde a kuwala, imene pa Chingerezi amati wavefront analysis. Bambo ake akuti fizikisi ilibe ntchito ina kupatula kugwira choko, choncho akufuna kuti asiye n'kuyamba maphunziro owerengera ndalama, apo ayi aleka kumutumizira fizi ndi ndalama ya chakudya. Chakumapeto kwa kalatayo watchula kuti masamu a semesita yatha adalephera ndipo akudikira kulemba sapu. Funso lake ndi ili: "Kodi ndingapeze bwanji sikolashipu yopita ku America kuti ndikagwire ntchito ku NASA?"

Mwana wanga, ndiyamba ndi za NASA pakuti ndi zimene zikukusokoneza. NASA ndi bungwe la boma la America loona za zakuthambo, ndipo ntchito zake zokhazikika zimaperekedwa kwa nzika za dzikolo. Anthu a maiko ena amene amagwira nawo ntchito zoterezi amafikako kudzera m'mayunivesite ndi m'mabungwe ogwirizana nalo, ambiri mwa iwo atatenga kale PhD ndiponso atalemba kafukufuku wodziwika. Munthu wa chaka chachiwiri amene ali ndi sapu ya masamu sanafike pofunsa funso limeneli, ndipo chimene chandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti nkhani ya sapuyo waiika kumapeto, pamene ndiyo yofunika kuposa zonse zimene walemba. Ndikufotokozera ntchito imene ukuti waikondayo kuti uone wekha chifukwa chake.

Ukaponya mwala m'dziwe lodekha, mafunde amatuluka mozungulira, ndipo mzere uliwonse wozungulirawo umalumikiza malo onse amene madzi akwera pa nthawi imodzi. Mzere umenewo ndiwo wavefront. Christiaan Huygens wa ku Netherlands adafotokoza mu 1678 kuti malo aliwonse a pa mzere wotere amakhala ngati gwero la timafunde tatsopano, ndipo timafundeto tikaphatikizana timapanga mzere wotsatira. Kuwala kwa nyenyezi kumafika pamwamba pa dziko lathu mzere wake uli woongoka, koma kukamadutsa mu mpweya wotentha ndi wozizira wosakanikirana, mbali ina imatsogola ina n'kutsalira, mzere uja n'kukwinyika. N'chifukwa chake nyenyezi zimaphethira usiku, ndipo msewu wa tala umaoneka ngati ukunjenjemera masana a mwezi wa Okutobala. Galasi lopalidwa molakwika limakwinyanso mzerewo, chimodzimodzinso diso la munthu. Ntchito ya katswiri ndi kuyeza kuti mzere wapindika pati ndiponso mochuluka bwanji, kenaka n'kupeza njira youbwezera, ndipo muyeso wake ndi waung'ono zedi, pakuti funde limodzi la kuwala kooneka ndi maso limatalika mananomita 400 mpaka 700, pamene nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita.

Telesikopu ya Hubble itatumizidwa m'mlengalenga mu 1990, zithunzi zake zidabwera zachimbuuzi. Galasi lake lalikulu, la mamita 2.4, lidali litapalidwa mopitirira cham'mphepete ndi mamilimita 0.002 okha, chifukwa m'chipangizo chimene ankaliyezera munali lenzi imene idaikidwa mophonya malo ake ndi mamilimita 1.3. Panalibe woti akatsitse galasilo kuti aliyezenso. Akatswiri adatenga zithunzi zachimbuuzi za nyenyezi n'kuwerengera chobwerera m'mbuyo mpaka kupeza mmene mzere wa funde udapindikira, ndipo mu Disembala 1993 adatumiza anthu kukaika timagalasi towongolera cholakwikacho. Pa YouTube umaona anthu ovala zoyera akuyandama m'mlengalenga, koma chimene adakaikacho chidachokera m'manja mwa anthu amene adakhala miyezi yambiri pa masamu.

Chida chimene udzakumane nacho poyamba chimatchedwa Shack-Hartmann. Johannes Hartmann wa ku Germany, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ankayeza matelesikopu powaphimba ndi chivundikiro chokhala ndi timabowo tambiri, ndipo cha m'ma 1970 Roland Shack ndi Ben Platt a ku University of Arizona adaika timalenzi ting'onoting'ono m'malo mwa timabowoto. Kalenzi kalikonse kamasonkhanitsa kuwala kwa pamalo pake n'kupanga kadontho pa kamera. Mzere wa funde ukakhala woongoka, timadontho tonse timandanda bwino ngati mapando a chimanga chobzalidwa ndi chingwe, koma ukakhala wokwinyika, kadontho kalikonse kamasuntha pang'ono, ndipo kusunthako kumakuuza mmene mzere wapendekera pamalopo. Chidacho chimakupatsa kupendekeka kokha, ndiye kuti uchoke pamenepo n'kupeza maonekedwe a mzere wonse uyenera kugwiritsa ntchito masamu a calculus ndi linear algebra. Ukawapeza, umawagawa m'zigawo pogwiritsa ntchito masamu amene Frits Zernike adalemba mu 1934, kuti udziwe kuti cholakwika ichi ndi cha mtunda, ichi ndi astigmatism (galasi kupindika mosiyana mbali ina ndi ina), ichi n'chofanana ndi cha Hubble. Kuwerengera mmene funde liyendere likadutsa pa bowo kapena pa lenzi kumafuna masamu a Fourier. Ngakhale njira yopinda galasi kambirimbiri pa sekondi imodzi kuti liwongole zimene mpweya wakwinya, imene Horace Babcock adaiganiza mu 1953 ndipo idathandiza Reinhard Genzel ndi Andrea Ghez kuona nyenyezi za pakati pa mlalang'amba wathu mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 2020, imayenda ndi masamu omwewo kompyuta ikuwerengera mothamanga. Magalasi 18 a James Webb amene adakukopawo adalunzanitsidwa ndi masamu omwewo. Phunziro limene walepheralo ndiye ntchito yeniyeniyo, ndipo ngati sulikonda, ndiye kuti chimene wakonda ndi kanema chabe.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kwa mwana wa kuno ndi yomaliza digiri ya fizikisi ndi masamu ndi magiredi apamwamba, kenaka n'kuyang'ana ku South Africa, kumene anthu ambiri amakudumpha maso ali ku America. Ku Sutherland, m'chigawo cha Northern Cape, kuli telesikopu ya SALT, imene idatsegulidwa mu 2005 ndipo galasi lake ndi lopangidwa ndi magalasi 91 olunzanitsidwa, kuposa a James Webb. Nayonso idavutika ndi zithunzi zosaoneka bwino m'zaka zoyambirira, mpaka mu 2009 akatswiri adatsitsa chipangizo chake chowongolera kuwala n'kuchikonza konko. Ku CSIR National Laser Centre, malo a kafukufuku wa laser ku Pretoria, mu 2013, Sandile Ngcobo, amene panthawiyo anali wophunzira wa PhD, pamodzi ndi Andrew Forbes adaonetsa laser imene maonekedwe a kuwala kwake amasinthidwa pongosintha chithunzi pa kompyuta, m'malo mosintha magalasi ndi manja, ndipo kumeneko ndiko kuumba mzere wa funde mmene ukufunira. Pulofesa Forbes adatsegula Structured Light Laboratory ku University of the Witwatersrand, mu Johannesburg momwemo mmene mabasi athu amatula abale opita ku Joni. Stellenbosch University ili ndi nthambi yochita kafukufuku wa laser, ndipo University of Cape Town imaphunzitsa za zakuthambo kudzera m'pulogalamu ya NASSP. Palinso AIMS, sukulu ya masamu imene idayambira ku Muizenberg mu 2003 ndipo idafalikira ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda, yomwe imapereka digiri ya masitazi kwa ana a mu Africa omaliza masamu, sayansi kapena uinjiniya, ndipo osankhidwa amalipiliridwa. Ku Trieste, m'dziko la Italy, sukulu ya fizikisi ya ICTP ili ndi dipuloma ya chaka chimodzi ya ophunzira ochokera m'maiko osauka. Malo onsewa akalandira kalata yako amayamba ayang'ana magiredi ako a masamu ndi fizikisi komanso zimene aphunzitsi ako alemba za iwe, ndipo kuchuluka kwa makanema amene waonera sikulembedwa paliponse.

Makolo amene ana awo angolemba kumene MSCE ndipo akudzaza mafomu a NCHE adziwe kuti pali njira ina yoyandikana ndi imeneyi imene ili ndi ntchito kuno komwe, ndiyo maphunziro a optometry amene Mzuzu University imapereka. Chida cha Shack-Hartmann chija chidayesedwa pa diso la munthu ku Heidelberg mu 1994, ndipo lero makina oyezera maso a mtundu umenewu amathandiza pokonzekera opaleshoni ya maso ya laser. Komabe optometry ndi ntchito yosamalira odwala, ndipo iwe wolemba kalata sindikukulangiza kuti uthawireko, chifukwa kusintha kosi pofuna kuzemba masamu ndi kuyendayenda komwe kwamaliza ana ambiri zaka zawo.

Tsopano ndilankhule ndi inu bambo, ngati mwana wanu akuonetsani yankho ili. Mantha anu ndikuwamva, ndipo sindikunamizani kuti mudzatsegula nyuzipepala ya kuno n'kupeza kampani ikufuna katswiri wa wavefront. Ntchito ya dzina limenelo ili m'maiko amene amapanga magalasi, matelesikopu ndi makina a m'chipatala. Koma kuopseza mwana ndi njala kuti asiye digiri imene wayenda nayo kale zaka ziwiri si uphungu, ndipo khalidwe limeneli landitopetsa chifukwa ndimaliona chaka ndi chaka. Zotsatira zake nthawi zambiri ndi mwana amene wataya zaka ziwiri n'kukakhala m'kalasi imene mtima wake mulibe. Masamu a mafunde sathera pa kuwala kwa nyenyezi. Ndi omwewo amene amafotokoza mmene uthenga umayendera mu nthambo za fibre zimene zikunyamula intaneti yathu, mmene mafunde a wailesi ndi a foni amazungulirira mapiri, komanso mmene chivomezi chimayendera pansi pa nthaka. Dziko lathu lili m'chigwa chimene nthaka yake ikung'ambika pang'onopang'ono, anthu a ku Karonga sadaiwale zivomezi za mu Disembala 2009, ndipo nthambi ya boma ya Geological Survey ku Zomba imadalira anthu odziwa kuwerenga mafunde amenewa. Munthu wodziwa fizikisi, masamu ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta ali ndi makomo angapo ogogoda. Za choko zimene mukunyozazo, kumbukirani kuti mwana wanu adafika ku yunivesite chifukwa mphunzitsi wina adaima kutsogolo kwake n'kumuphunzitsa fizikisi. Chimene muli ndi ufulu wofunsa ndi magiredi, ndipo pamenepo ndili kumbali yanu, muwafunse semesita iliyonse popanda kumunyengerera.

Kwa iwe mwana wanga, tchuthi chino usiye kusakasaka masikolashipu. Sapu uikhoze, ndipo usakonzekere kungopyola malire, ubwereze phunziro lonselo kuyambira pa tsamba loyamba mpaka utamvetsa chifukwa chimene njira iliyonse imagwirira ntchito, pakuti akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Uyambe kuphunzira Python, njira yolembera mapulogalamu a kompyuta imene ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yakale, ndipo pofika kumapeto kwa chaka chachitatu ukhale utalemba wekha pulogalamu yoonetsa zimene kuwala kumachita kukadutsa pa bowo lozungulira, ndi mmene chithunzicho chimasinthira ukaonjezera cholakwika chonga cha Hubble. Ugule kalaser kang'ono kolozera pa bolodi, uike tsitsi limodzi kutsogolo kwake m'chipinda chamdima, usamale kuti kuwalako kusalowe m'diso la munthu, uyeze mipata ya timizere timene tioneke pakhoma, ndipo uwerengere kunenepa kwa tsitsilo. Ukachita zimenezi upite kwa mphunzitsi wako wa fizikisi ndi zotsatira zili m'manja, umupemphe kuti pulojekiti yako ya chaka chomaliza idzakhale ya kuwala, chifukwa iyeyo ndi amene adzakulembere kalata yokuchitira umboni ndipo sangachitire umboni munthu amene sakumudziwa.

Sindikukulonjeza kuti udzafika. Malo ndi ochepa, ndipo udzapikisana ndi ana a ku Kenya, Nigeria ndi Ghana amene sadalembepo sapu. Komabe sapu imodzi ya chaka chachiwiri siitseka khomo ngati magiredi a chaka chachitatu ndi chachinayi akwera moonekeratu, ndipo mmene wafotokozera za magalasi aja m'kalata yako zikuonetsa kuti umatha kutsatira chinthu chovuta ukachifuna. Zotsatira za sapu zikatuluka undilemberenso, uikemo magiredi ako onse osabisa ngakhale imodzi, ndipo ngati zili bwino tidzakambirana mmene ungalembere kalata yoyamba kwa pulofesa wa ku Johannesburg kapena ku Stellenbosch.